Mzime wa Chifupa

Achimwene anga ndiwo anachitcha Chifupa. Ankati chimwalacho chimaoneka ngati fupa limene galu watafuna n'kulisiya, mitu iwiri yonenepa, pakati powonda, mbali ina yobenthuka. Asayansi anzathu amachitchula ndi nambala, koma m'chipinda chathu chogwirira ntchito palibe ankavutika nayo nambalayo. Ndi asiteroidi, kunena kuti chimwala chachikulu chimene chimazungulira dzuwa kutali uko, ndipo chili ndi timiyezi tiwiri timene timachizungulira. Kamwezi kakunja, koyenda modekha, tinakatcha Chisamba. Kam'kati, kothamanga, tinakatcha Kaliwiro. Achimwene ankati Kaliwiro anatengera ine, mlongo wawo, poti kunyumba amanditcha Tsabola ndipo dzinalo sindinalipeze mwangozi.

Chimwalacho chikanakhala chobulungira ngati mpira, ngakhale mwana wa sekondale akanawerengera njira za timiyezito. Koma fupa silikoka mofanana. Kamwezi kakamadutsa pafupi ndi mutu wonenepa kamakokedwa mwamphamvu n'kuthamanga, kakafika powonda paja kamachita ulesi. Ndiye Chifupacho sichikhalanso phee, chimadzitembenuza chokha maola asanu alionse. Ife tinkangofuna kuti tizitha kunena kuti tsiku lakuti, ola lakuti, Chisamba adzakhala apa, Kaliwiro apo. Basi. Ntchito imeneyo inatidyera zaka khumi ndi chimodzi.

Tinaigawana pakati. Achimwene ankalandira manambala kuchokera kwa anzawo ogwira ntchito pa matelesikopu akuluakulu akunja. Ankalemba ndi pensulo m'makope awo nthawi imene chithunzi chinajambulidwa ndi pamene kamwezi kanaoneka, kenako n'kuzitaipa m'kompyuta. Ine ndinalemba pulogalamu yowerengera. Ndinadula Chifupa m'tizidutswa zikwi ziwiri, kachidutswa kalikonse n'kumakokera kwake, kompyuta n'kumaphatikiza zonsezo n'kujambula njira. Achimwene ankati pulogalamu ndi khitchini yanga, iwo salowamo, amangodikira mbale. Nane ndinkati makope awo ndi thumba la jekete lawo, sindipisamo dzanja. Anthu pa yunivesite ankatiyamikira, eti chimvano cha mavu. Chimvano chake chiti? Tinali anthu awiri ouma mutu amene sitinkafuna kufunsana.

Chaka chachitatu chitatha, Kaliwiro anayamba kutinyoza. Pulogalamu ikati afika apa nthawi yakuti, zithunzi zinkamuonetsa atachedwa ndi mphindi zinayi. Chaka china ankafulumira ndi zitatu. Tinachinenepetsa Chifupa, tinachiwondetsa, tinachipinda khosi, koma osatheka. Tsiku lina achimwene anaimirira pa bolodi, n'kujambula mzere waukulu wozungulira timizere tiwiri tija. Anati kunja uko kuli kamwezi kachitatu, kakang'ono, kakuda, kamene palibe anakaonapo, ndipo ndi kamene kakukoka anzake pang'onopang'ono. Anakatcha Mzime. Titakaika m'pulogalamu manambala anagwirizana, osati ndendende, koma mokwanira kuti munthu wofuna kukhulupirira akhulupirire.

Ndipo achimwene anakhulupirira ndi mtima wonse. Anakana udindo kawiri, ati misonkhano iwatayitsa nthawi. Anzawo m'makonde ankawatcha Bambo a Mzime, ena mwachikondi, ena mowaseka. Alamu anga, akazi awo, mphunzitsi wa pulayimale, ankati m'nyumba mwawo muli mwana wa kwina amene sanamuonepo koma amadya naye pa tebulo tsiku ndi tsiku. Ana awoawo analibe, ndiye nthabwala imeneyo tinkaiseka mosamala.

Kuti Mzime aoneke pankafunika telesikopu yaikulu kwambiri, imene asayansi a padziko lonse amalimbirana. Achimwene anapempha kasanu ndi kamodzi, n'kukanidwa kasanu ndi kamodzi. Ulendo wachisanu ndi chiwiri anatipatsa ola limodzi. Kalata inati titumize manambala a poti telesikopuyo iloze pofika tsiku lakuti, ndipo zithunzi zidzafikira pa kompyuta yaikulu ya m'chipinda chathu. Tsiku limenelo achimwene anavina, munthu wa imvi, tayi ikuuluka.

Patangotha masabata atatu, m'mawa wina cha m'ma 10 koloko, ndinamva kapu ikusweka kumbuyo kwanga. Ndinakalipa ndisanatembenuke, paja ine pakamwa pamatsogola. Nditatembenuka ndinapeza achimwene atapendekera pa mpando, pakamwa patakhotera kumodzi, tiyi akutsika ndi mwendo wa buluku. Inali sitiroko. Anawatsitsa amuna anayi, poti chipinda chathu chili pamwamba penipeni ndipo nyumbayo ilibe chikepe.

Anatuluka m'chipatala mkono ndi mwendo wakumanja zitafa, mawu akutuluka limodzilimodzi. Wamafizo amene ankabwera kunyumba kudzawaongola anali mayi wamfupi wosapsatira mawu. Anatiuza kuti miyezi isanu ndi umodzi yoyamba ndiyo yonse. Akamayenda tsiku lililonse, mwendo ubwerera. Akangokhala pansi, uuma, ndipo mpando umenewo ndi wawo mpaka kumanda. Achimwene anamva zonsezo n'kutembenukira kukhoma. Sabata yathunthu anakana ngakhale kukhala tsonga. Ine ndinawakalipira, ndinawanyengerera, ndinalira, koma anatemetsa nkhwangwa pamwala.

Alamu ndiwo anapeza mankhwala. Anasiya kaye kuphunzitsa kuti azisamala mwamuna wawo, ndipo tsiku lina anabwera ku yunivesite osandiuza, n'kuwerenga masitepe okwera kuchipinda chathu. Anapeza 34. Atabwerera anakhala m'mphepete mwa bedi n'kuwauza achimwene kuti zithunzi za mwana wawo uja zidzafikira kumwamba kuja, masitepe 34, ndipo asawerengere zoti wina adzawabereka. M'mawa mwake achimwene anapempha nsapato.

Iwo amakhala pansi m'nyumba ya mafulati, ndipo masitepe opita kwa anansi a pamwamba ali pakhonde pomwepo. Tsiku lililonse 4 koloko ndinkafika. Achimwene ankayenda ndi ndodo mpaka pa sitepe yoyamba, n'kugwira chitsulo cha m'mbali ndi dzanja lamanzere. Ine ndinkakhala kumbuyo nditagwira lamba wawo. Alamu ankatsogola ndi choko, ndipo pa sitepe imene tafika tsiku limenelo ankalembapo nambala, ngati akuchonga mayeso. Ziwiri. Zisanu. Zisanu ndi zinayi. Munthu ankachita thukuta mpaka malaya kumata pamsana, mwendo wakufawo akuukoka ngati thumba, koma sankadandaula. Akafika pamene mphamvu zathera ankapuma n'kunena kuti Mzime akudikira.

Linali Lolemba, manambala a telesikopu akufunika Lachisanu, achimwene ali pa sitepe 19, pamene madzi anachita katondo.

Mnzawo wina wakunja anatitumizira manambala atatu atsopano a Kaliwiro. Poti mwini makope anali kunyumba, kwa nthawi yoyamba pa zaka zonsezo ndinawataipa ndekha, monga anabwerera. Pulogalamu itamaliza, timadontho titatu tatsopanoto tinagwera kutali ndi mzere, kusiyana mphindi zoposa makumi awiri. Ndinamutukwana mzunguyo mumtima, kuti kaya wotchi yake anaitola kuti. Ndinataipanso, zomwezo. Pamenepo ndinati ndione kaye mmene achimwene amalembera, mwina pali kachitidwe kawo. Ndinatsegula kabati n'kutulutsa makope aja, amene zaka khumi ndi chimodzi sindinawagwirepo.

Zilembo zawo zinali zaukhondo ngati za kalaliki wakale. Mzere uliwonse unali ndi nthawi ya chithunzi, pansi pake kanambala kakang'ono kochotsera, pansi pakenso yankho lodulidwa mzere kawiri. Kanambalako kanali 17, pena 21, pena 24. Ndinakhala pansi pa simenti kope lili m'manja.

Nkhani yake ndi yosavuta, ndipo n'chifukwa chake imandiwawa. Kuwala kochokera ku Chifupa sikufika kuno nthawi yomweyo. Kumayenda mphindi 15, chaka china 25, malinga ndi mmene chimwalacho chatalikira. Ndiye chithunzi chimaonetsa pamene kamwezi kanali kuwalako kusananyamuke ulendo wautaliwo, ndipo wowerengera amayenera kuchotsera mphindi zimenezo pa nthawi ya chithunzi. Amachotsera kamodzi. Achimwene ankachotsera ndi pensulo asanataipe. Pulogalamu yanga inkachotseranso.

Ndinakumbukira ngakhale tsiku limene ndinalemba mzere umenewo m'pulogalamu. Zaka zisanu ndi zinayi zapitazo achimwene anasindikiza pepala lathu loyamba la kafukufuku dzina langa osaliika pamwamba. Anangolemba kumapeto kuti akuthokoza mlongo wawo amene anathandizako pa kompyuta. Kuthandizako! Ndinapsa mtima moti masabata asanu ndi limodzi sitinalankhulane, tikugwira ntchito chipinda chimodzi, uthenga tikusiyirana pa timapepala pansi pa sitepula. M'masabata amenewo ndinaona kuti m'pulogalamu mulibe pochotsera nthawi ya kuwala. Ndinati taonani katswiri uja, waiwala zimene amaphunzitsa ana a chaka choyamba. Ndinaikamo mzerewo mwakachetechete, n'kusunga nkhaniyo kuti ndidzawachititse nayo manyazi pagulu. Kenako amayi athu anadwala, tinayanjana pa benchi ya kuchipatala, ndipo ndinati zowachititsa manyazi zija zisiyike, n'kusawauza n'komwe. Poyamba ndinakhala chete chifukwa cha nkhanza, pambuyo pake chifukwa cha chisoni. Nthawi imeneyo manambala anali ochepa, cholakwikacho chinabisala. Chinakula chaka ndi chaka, mphindi zinayi uku, zitatu uko, mpaka achimwene anachipatsa dzina.

Ndinauchotsa mzerewo, n'kukonza manambala atatu aja monga mmene ena onse analili, n'kumutulutsa Mzime m'pulogalamu. Kompyuta inalira maola atatu. Ine ndinangokhala, kuyang'ana bolodi pamene mzere waukulu uja unali udakalipo, poti wosesa tinamuletsa kuufufuta. Yankho litabwera, timadontho tonse 47 tinagona pa mzere, phwaa, palibe kotsalira, palibe kotsogola. Chisamba ndi Kaliwiro ankayenda ndendende monga pulogalamu inanenera, popanda wachitatu wowakoka. Ntchito yabwino chonchi sindinaionepo m'moyo wanga, ndipo ndinaida ndi mtima wanga wonse. Zaka zisanu ndi zitatu tinkawerengera madzi a mphutsi.

Ndinafika kwawo 4 koloko isanakwane. Alamu ndinawapeza kuseri kwa mafulati akuanula zovala. Ndinawafotokozera zonse, iwo akupinda mapilokesi osandiyang'ana. Nditamaliza anafunsa ngati ndauza wina. Ndinati ayi.

"Ndiye basi," anatero. "Tsekani pakamwa, alamu."

Ndinawauza kuti si nkhani yotseka pakamwa. Ola la telesikopu lija anawakaniza anthu ena khumi kuti atipatse ife. Tikatumiza manambala abodza, telesikopu iloza pamalo opanda kanthu, ndipo pakatha masabata asanu ndi awiri zithunzi zibwera zakuda bii, achimwene adziwabe. Ndinalankhula zambiri, mawu akukwera, monga mwa chizolowezi changa. Alamu anadikira mpaka mpweya unandithera, n'kuika basiketi pansi.

"Ine za nyenyezi sindizidziwa," anatero. "Chimene ndikudziwa n'chakuti dzulo munthu uja wavala yekha sokosi. Mpatseni masabata asanu ndi awiriwo akwere masitepe, mwendo ugwire. Zithunzizo zikadzabwera zopanda kanthu, adzalire ataimirira."

Ndinavomera. Tinalowa, ndinagwira lamba, achimwene anafika pa 20. Lachiwiri anafika pa 21. Lachitatu anadumpha mpaka 23, alamu n'kulemba nambalayo ndi zilembo zazikulu, mnansi wa pamwamba amene ankatsika ndi zinyalala n'kuwomba m'manja. Tikutsika, achimwene anandiuza kuti aona pa foni kuti mnzawo uja watumiza manambala atsopano. Anati mawa ndibwere nawo papepala, osati chithunzi cha mzere chokha chimene ndimawapatsa masiku onse, koma manambala enieni, awaone asanavomereze zotumiza Lachisanu.

Lachinayi m'mawa ndinachita chinthu chimene sindinachitepo. Ndinabwezeramo mzere wolakwika uja, ndinabwezeramo Mzime, ndinatenga pensulo n'kuchotsera nthawi ya kuwala pa manambala atatu aja monga achimwene ankachitira, kuti bodza ligwirizane ndi bodza linzake. Zinagwirizana bwinobwino. Ndinasindikiza pepala, ndinaliwerenga kawiri, n'kuliika m'chikwama. Pepala loona lija, la timiyezi tiwiri, linali m'chikwama momwemo kuyambira Lolemba. Sindinalitulutse, kaya chifukwa chiyani.

Ndinawapeza pa tebulo lodyera atavala kale nsapato, ndodo ili pambali. Alamu anali pa khomo la kukhitchini, choko chili m'thumba la epuloni. Achimwene anayala pepalalo, analipsinja ndi mkono wakufa uja kuti lisasunthe, n'kuyamba kutsetsereka ndi chala chamanzere mzere ndi mzere. Anafunsa ngati ndinakumbukira kuchotsera nthawi ya kuwala ndisanataipe. Ndinati ee, ndi pensulo, ngati inu nomwe. Anamwetulira ndi theka la pakamwa, ati mwana wakula. Chala chinapitirira, chinafika kumapeto kwa pepala kudzanja lamanja, n'kuima.

Chinthu ukamachiona tsiku ndi tsiku, maso amachidumpha. Pulogalamu yanga ikamasindikiza manambala onse imaika kumapeto ndandanda ya mphindi zimene yachotsera pa chithunzi chilichonse. Zaka zisanu ndi zinayi ndinkaiona ndandanda imeneyo mpaka ndinasiya kuiona. M'mawa umenewo ndinawerenga pepalalo kawiri osaiona. Achimwene anali asanaionepo n'kamodzi komwe, ndipo manambala ake, 17, 21, 24, ankawadziwa ngati masiku obadwa a abale awo.

"Ichi n'chiyani, Tsabola?"

Ndinayang'ana alamu. Alamu anayang'ana pansi. Bodza lina linalipo loti ndinene, kuti ndandandayo ndi yongoonetsa, siichotsera kanthu. Linafika pakamwa koma linakana kutuluka. Munthu amene anandiphunzitsa kuwerenga wotchi ndili ndi zaka zisanu anali akundiyang'ana m'maso.

"Pulogalamu nayo imachotsera, achimwene."

"Kuyambira liti?"

"Nthawi ija sitinkalankhulana."

Panja ana a m'mafulati ankamenyetsa mpira kukhoma. Ndinkafuna andikalipire, andiponyere ndodo, anene kuti ndawaphera moyo, chifukwa zimenezo ndikanadziwa kuzilandira. Iwo anangofunsa ngati ndayesa kuuchotsa mzere wa m'pulogalamu uja n'kuyendetsanso. Ndinatulutsa pepala lina lija. Analiyang'ana kuyambira dontho loyamba mpaka la 47, chala chikuyenda pa mzere woongokawo pang'onopang'ono, n'kubwereranso.

"Yakongola," anatero. "Ine ndinachotsa. Iwe unachotsa. Palibe anafunsa mnzake."

Anapempha laputopu. Ndinati ndiwalembere, anakana. Alamu anati zidikire mawa, anakananso. Ndi chala chimodzi chamanzere analembera a telesikopu kalata ya mizere isanu, yonena kuti tapeza cholakwika m'kawerengedwe kathu, kamwezi kachitatu kulibe, ola lathu apatse ena. Inawatengera ola ndi theka. Akalakwitsa chilembo ankafufuta n'kuyambanso, thukuta likutsika ngati ali pa masitepe. Pansi anaika dzina langa poyamba, lawo pambuyo. Atatumiza anawerama n'kuyamba kumasula zingwe za nsapato. Alamu anati nthawi yoyenda yakwana kale, iwo anati lero atopa.

Lachisanu ndinafika 4 koloko monga mwa masiku onse. Anali pa mpando wa pawindo, mapazi ali m'masilipasi. Ndinatenga ndodo kuseri kwa chitseko n'kuwaikira pa mwendo. Ndinawauza kuti atsala ndi masitepe khumi ndi imodzi okha. Ndinawauza kuti ntchito ya timiyezi tiwiri ija ndi yaikulu, palibe wina padziko anawerengerapo njira zozungulira chimwala chopindika chonchi mpaka kugwirizana ndendende, pepala lake tilembe limodzi kumwamba kuja. Zonsezo zinali zoona. Anandimvetsera mwaulemu, n'kunena kuti ndililembe, ndine ndinaligwirira ntchito. Nditaumirira, mawu atayamba kukwera, anachotsa ndodo ija pa mwendo n'kuitsamiritsa kukhoma.

"Ndikakwere kukaona chiyani, Tsabola?"

Ndinayesa Loweruka, ndinayesa sabata yotsatira. Ndinakalipa mpaka mnansi anagogoda kudzafunsa ngati kuli bwino. Wamafizo anabwera kanayi, n'kumawaongola mwendo ali chigonere, iwo akuyang'ana kudenga ngati mwendowo ndi wa munthu wina. Ulendo wachinayi mayiyo ananditengera pakhonde n'kundiuza kuti bondo layamba kuuma, ndipo iye amaongola minofu, mtima saudziwa. Achimwene sanadwale china chilichonse. Amadya, amasamba akawasambitsa, amandifunsa za ana anga. Za Chifupa satchula, ndipo foni ikalira ndi uthenga wa anzawo akunja amaitembenuza chafufumimba.

Alamu sananditukwane. Bola akananditukwana. Amandipatsa moni, amandithirira tiyi, koma nthabwala za pachilamu zinatha. Ndikudziwa chimene amaganiza, chifukwa nane ndimaganiza chomwecho ndikamakwera masitepe 34 aja m'mawa uliwonse. Bodza limodzi lokha linatsala kuti ndinene, lalifupi, ndipo munthu akanayenda. Ndinanama m'mawa wonse ndi pensulo, n'kudzalephera pa mawu anayi.

Pepala la kafukufuku lija ndinalilemba ndekha, a magazini ya sayansi analilandira, akuti ndi labwino. Mzere waukulu uja udakali pa bolodi. Tsiku limene zithunzi zikanafika ndinatseka chipinda masana n'kupita kwawo, osadziwa kuti ndikanena chiyani. Pakhonde ndinapeza wokolopa atadutsa ndi mopu, manambala onse a pa masitepe atafufutika, kungotsala kachizindikiro koyera pa sitepe 23, pakona pamene mopu safika. Achimwene anali mtulo pa mpando wa pawindo, bulangete lili pa mawondo. Ndinakhala nawo pang'ono, n'kunyamuka.

Alamu anandiperekeza mpaka pa khomo. Ndikuti nditsanzike, anapisa m'thumba la epuloni, n'kutulutsa kachidutswa ka choko kaja, n'kundiika m'manja.

"Tengani, muzikalembera ku ofesi kwanu," anatero. "Kuno ntchito yake inatha."